Pranayama: Mmene Kapumidwe ka Yoga Kamafikira Mtima ndi Ubongo

M'chilankhulo chathu mawu akuti kupuma amanyamula matanthauzo awiri. Timapuma pamene mpweya ukulowa ndi kutuluka m'mapapo, ndiponso timapuma pamene tatula ntchito kuti thupi lipezenso mphamvu. Munthu akachita mantha timati mtima wake uli m'mwamba ndipo timamumva akupuma mwaphuma, koma zinthu zikabwerera m'malo amausa moyo, mtima n'kukhala pansi. Aphunzitsi a yoga a ku India wakale anaona mgwirizano womwewu pakati pa mpweya ndi maganizo, ndipo anautembenuza n'kufunsa kuti: ngati mantha amasintha kapumidwe, kodi kusintha kapumidwe mwadala sikungachepetse mantha? Pa funso limeneli anamangapo luso lonse lotchedwa pranayama, limene masiku ano likuphunzitsidwa padziko lonse komanso likuyezedwa ndi zipangizo za m'zipatala ndi m'mayunivesite.

Kupuma kuli ndi khalidwe limene ntchito zina za m'kati mwa thupi zilibe. Palibe amene angalamule mtima wake kuti ugunde kasanu n'kuima, ndipo palibe amene angauze matumbo kuti afulumire kugaya chakudya. Mpweya wokha ndi umene umadziyendetsa tikagona tulo tofa nato, komabe umalola kuti tiugwire pa dzanja nthawi iliyonse imene tafuna. Munthu wamkulu amene wangokhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, ndipo ulendo uliwonse amakoka mpweya wokwana pafupifupi theka la lita. Mabuku akale a yoga amati munthu amapuma maulendo 21,600 pa tsiku, ndipo ukagawa chiwerengero chimenechi ndi mphindi za tsiku lonse umapeza 15 pa mphindi, zomwe zili pakati pa manambala amene madokotala amayeza lero. 

Mawu akuti pranayama ndi a chilankhulo chakale cha ku India chotchedwa Sanskrit. Prana ndi mpweya, komanso ndi mphamvu ya moyo imene aphunzitsi akale a yoga ankakhulupirira kuti imayenda m'thupi lonse. Mbali yachiwiri ya mawuwa ena amaimasulira kuti kutalikitsa, ena kuti kulamulira kapena kuletsa, ndipo matanthauzo onsewa amapezeka m'zochita zake. Buku la Yoga Sutra la Patanjali, limene lakhalapo kwa zaka 1,600 kapena kuposerapo, limagawa yoga m'masitepe 8, ndipo pranayama ili pa sitepe yachinayi. Imabwera munthu ataphunzira makhalidwe abwino ndiponso atazolowera kukhala pansi mokhazikika, ndipo imatsogolera ku masitepe a kusonkhanitsa maganizo ndi kusinkhasinkha. Malo amenewa akusonyeza cholinga chake choyambirira: mpweya unali mlatho wochokera pa thupi kupita ku maganizo. Patanjali ananena kuti mpweya wophunzitsidwa bwino umakhala wautali ndiponso wosamveka phokoso, ndipo pamalo ena anatchula kutulutsa mpweya ndi kuugwira monga njira imodzi yokhazikitsira maganizo pansi. Mawu awiri amenewa, wautali ndi wosamveka phokoso, ndi ofunika kuwasunga, chifukwa zonse zimene sayansi yatsimikiza pa nkhaniyi zikubwerera kwa iwo.

M'zaka za m'ma 1400 kunalembedwa buku lina lotchedwa Hatha Yoga Pradipika, la Svatmarama, limene linafotokoza njira za kapumidwe mwatsatanetsatane. M'mwambo umenewu mpweya uli ndi mbali zitatu: puraka ndiko kukoka, rechaka ndiko kutulutsa, ndipo kumbhaka ndiko kuugwira, mawu ochokera ku dzina la mtsuko, pakuti chifuwa chimasunga mpweya monga mtsuko usungira madzi. Buku lomweli lili ndi chenjezo limene ambiri otsatsa maphunziro a yoga salitchula. Limayerekezera mpweya ndi mkango, njovu ndi nyalugwe wamkulu wa ku India, nyama zimene zimazolowera munthu pang'onopang'ono, ndipo limati wofuna kuugonjetsa mwachangu umamupha. Limatchulanso matenda amene amabwera chifukwa chochita molakwika, monga ntchikwi, chifuwa, mphumu ndi kupweteka kwa mutu, makutu ndi maso. Choncho eni ake enieni a lusoli ndi amene anayamba kunena kuti phuma pa mpweya ndi loopsa.

Kuti timvetse chimene chimachitika, tiyenera kuona kaye mmene thupi limapumira. Mapapo alibe minofu yodzikoka okha. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mnofu wotambalala umene uli pansi pa mapapo, wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene madokotala amautcha diaphragm. Mnofuwu ukakungika umatsika, chifuwa chimakula, mpweya n'kulowa, ndipo za m'mimba zimakankhidwira kutsogolo pang'ono. Ukamasuka umakwera, mpweya n'kutuluka wokha popanda kukankha. Aliyense amene anayang'anitsitsa khanda lili m'tulo anaona kamimba kake kakukwera ndi kutsika pamene mapewa ali zii. Munthu wamkulu wopanikizika amachita zosiyana: amamanga mimba, amakweza mapewa, amapumira pamwamba pa chifuwa pogwiritsa ntchito minofu ya m'khosi, ndipo madzulo amadabwa kuti khosi lamuuma bwanji. Phunziro loyamba la pranayama ndi kubwezera ntchito kwa mwini wake, mnofu wa pansi pa mapapo uja.

Pali masamu ochepa amene amasonyeza chifukwa chake kupuma pang'onopang'ono kumapindulitsa. Pa mpweya uliwonse umene timakoka, pafupifupi mamililita 150 amatsalira m'mphuno, kummero ndi m'mipope ya m'chifuwa, osafika m'timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo mmene mpweya umakumana ndi magazi. Tiyerekeze anthu atatu amene aliyense akukoka malita 6 pa mphindi. Woyamba akupuma wefuwefu, maulendo 24 a mamililita 250, ndipo mpweya wofika kumene ukufunika ndi malita 2.4 okha. Wachiwiri akupuma mwa masiku onse, maulendo 12 a mamililita 500, ndipo amafikitsa malita 4.2. Wachitatu akupuma modekha, maulendo 6 a lita imodzi, ndipo amafikitsa malita 5.1. Mpweya wolowa pamphuno ndi wofanana kwa onse atatu, koma wopuma mwachangu uja akutaya wochuluka m'njira.

Komabe apa ndi pamene ambiri amasocherera. Kawirikawiri timamva kuti kupuma mozama kumadzaza magazi ndi okosijeni, koma kwa munthu wa mapapo abwino magazi amakhala atanyamula kale okosijeni wokwana maperesenti 95 mpaka 100 a zimene angathe kunyamula. Mpweya umene timakoka uli ndi okosijeni wa maperesenti 21, ndipo umene timatulutsa umakhala ukadali ndi maperesenti pafupifupi 16. Thumba lodzaza kale silingalandire zina. Chimene chimasintha kwambiri tikasintha kapumidwe ndi mpweya wina uja, carbon dioxide, umene tinazolowera kuutcha mpweya woipa. Dzina limeneli limatipusitsa, chifukwa thupi limafuna kuti mpweyawu ukhalepo pa mlingo woyenera. Ndi iwo umene umauza ubongo kuti nthawi yokoka mpweya wina yakwana, ndipo kubanika kumene munthu amamva akagwira mpweya kumabwera makamaka chifukwa choti carbon dioxide wachuluka, okosijeni asanachepe n'komwe. Munthu akapuma mofulumira komanso mwamphamvu kwa mphindi zingapo, amatulutsa carbon dioxide wambiri, mitsempha ya magazi ya mu ubongo imapanikizika, ndipo magazi ofika ku ubongo amachepa. Kuwonjezera apo, monga mmene Christian Bohr wa ku Denmark anasonyezera mu 1904, carbon dioxide akachepa magazi amaumirira okosijeni wawo m'malo momupereka ku ziwalo. Chizungulire, dzanzi la m'zala ndi m'milomo, ndiponso kupepuka kwa mutu kumene ena amakutamanda ngati umboni wakuti mphamvu yatsopano yalowa, zonsezi ndi zizindikiro zakuti carbon dioxide wachepa kwambiri m'magazi. Ndimaona kuti aliyense wofuna kuyamba pranayama ayenera kuuzidwa mfundo imeneyi tsiku loyamba.

Phindu lenileni limadutsa njira ina, njira ya minyewa imene imayendetsa ziwalo popanda ife kulamula. Minyewayi ili ndi mbali ziwiri. Ina imadzutsa thupi kuti lithawe kapena limenyane ndi choopsa: imathamangitsa mtima, imakweza magazi, imaumitsa mkamwa. Ina imabweza thupi kuti lipume ndi kugaya chakudya, ndipo mtsempha wake waukulu ndi vagus, umene umachokera pansi pa ubongo, kudutsa m'khosi, mpaka kumtima, m'mapapo ndi m'mimba. Mtsemphawu umagwira mtima ngati buleki. Tikamakoka mpweya buleki ija imamasuka pang'ono ndipo mtima umafulumira, tikamatulutsa imagwiranso ndipo mtima umachedwa. Izi munthu angathe kudzimvera yekha. Khalani pansi, ikani zala ziwiri pamkono m'munsi mwa chala chachikulu mpaka mutamva kugunda, kenako kokani mpweya kwa masekondi anayi ndi kuutulutsa pang'onopang'ono kwa masekondi asanu ndi atatu. Pakapita maulendo atatu kapena anayi, ambiri, makamaka achinyamata, amamva kuti kugunda kukuthithikana pokoka ndipo kukutalikirana potulutsa. Ichi ndicho chifukwa chake aphunzitsi amalimbikira kuti mpweya wotuluka uzikhala wautali kuposa wolowa: nthawi yonse imene ukutuluka, buleki ya mtima imakhala ili m'manja mwathu.

Kusinthasintha kumeneku kwa kagundidwe ka mtima ndi chizindikiro chabwino, chifukwa kumasonyeza kuti mtima ukumvera minyewa yake mwachangu, ndipo kumakula kwambiri munthu akamapuma pafupifupi maulendo 6 pa mphindi. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu ya magazi m'mitsempha nayo imakwera ndi kutsika yokha pa masekondi pafupifupi 10 alionse, ndipo mpweya umodzi ukamatenga masekondi 10, mayendedwe awiriwa amagwirizana monga mmene munthu amakankhira katungwe pa nthawi yake yeniyeni, katungweyo n'kukwera patali ndi mphamvu yochepa. Mu 2001 dokotala wa ku Italy, Luciano Bernardi, ndi anzake anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya BMJ kafukufuku wa anthu 23. Anapeza kuti kubwereza mawu opatulika a yoga, komanso kupemphera kolona m'Chilatini, zonse ziwiri zinkatsitsa kapumidwe kufika pa maulendo 6 pa mphindi ndipo zinkalimbitsa njira imene thupi limawongolera kuthamanga kwa magazi. Kwa amene amakayikira yoga chifukwa cha chipembedzo chimene inabadwiramo, kafukufukuyu ali ndi uthenga womveka: miyambo iwiri yotalikirana inafika pa liwiro limodzi, pakuti liwirolo ndi la thupi la munthu aliyense, ndipo munthu angalipeze pongowerenga manambala.

Nanga mpweya umafika bwanji ku maganizo? Pansi pa ubongo pali kagulu ka maselo kamene kamayambitsa mpweya uliwonse, kotchedwa pre-Bötzinger complex, kamene Jack Feldman ndi anzake anakafotokoza mu 1991. Mu 2017 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America anapeza kuti mwa maselo amenewa muli ochepa, pafupifupi 175 mu mbewa zoyeserera, amene amatumiza uthenga ku mbali ya ubongo imene imachititsa nyama kukhala tcheru. Atawononga maselowo, mbewazo zinapitiriza kupuma bwinobwino, koma zinasanduka zofatsa modabwitsa, n'kumangokhala phee zikudzinyambita ngakhale pamalo achilendo pamene mbewa imayenera kununkhiza uku ndi uku. Mbewa si munthu, komabe zimenezi zinasonyeza kuti pali njira yeniyeni ya minyewa imene ubongo umamvera kapumidwe n'kusankha kukhala tcheru kapena kudekha. Palinso chifukwa china chosavuta: maganizo sangathe kuwerenga mpweya mosamala n'kumabwerezanso nkhawa za mawa pa nthawi imodzi, choncho kwa mphindi zochepa zimenezo nkhawa zimasowa poponda.

Ngakhale kuusa moyo kumene tinayamba nako kuli ndi ntchito yake. Munthu amausa moyo pafupifupi mphindi zisanu zilizonse osazindikira, ndipo mpweya waukuluwo umatsegulanso timatumba ta m'mapapo timene tinayamba kufota. Mu 2023 gulu lina la ku Stanford linayesa anthu oposa 100 kwa mwezi umodzi, mphindi zisanu pa tsiku. Amene ankausa moyo mwadala, kutanthauza kukoka kawiri motsatizana pamphuno n'kutulutsa pang'onopang'ono pakamwa, anasangalala mumtima kuposa amene ankangosinkhasinkha osasintha kapumidwe, ndipo liwiro la kapumidwe kawo linatsika.

Mwa njira zakale, yodziwika kwambiri ndi nadi shodhana, kupuma mosinthanitsa mabowo a mphuno. Munthu amakhala msana uli woongoka, amakweza dzanja lamanja, n'kutseka bowo lakumanja ndi chala chachikulu. Amakoka mpweya mofatsa kudzera kumanzere, kenako amatseka kumanzereko ndi chala choyandikana ndi kachala kakang'ono, amatsegula kumanja n'kutulutsa. Amakokanso kumanja komweko, amatseka, n'kutulutsira kumanzere, ndipo apo ndiye kuti ulendo umodzi watha. Chala chimangogunda khungu la mphuno mopepuka, chigongono chili chomasuka, ndipo mpweya suyenera kumveka kwa munthu amene wakhala pafupi. Woyamba kumene amazindikira msanga chinthu chimene mwina sanachionepo: bowo limodzi limakhala lotseguka kuposa linzake. Zimenezi si chimfine. Minofu ya m'kati mwa mphuno imatupa ndi kuphwa mosinthana pakapita maola angapo, zimene dokotala wa ku Germany, Richard Kayser, anazilemba mu 1895, koma aphunzitsi a yoga anali atazizindikira kalekale. Iwo ankati kumanzere kuli njira yotchedwa ida, yozizira ngati mwezi, ndipo kumanja kuli pingala, yotentha ngati dzuwa. Njira zimenezi madokotala ochita opaleshoni sazipeza m'thupi, ndipo m'kuona kwanga mphamvu yaikulu ya nadi shodhana ili poyera: bowo limodzi ndi lopapatiza, choncho mpweya umakakamizika kuyenda pang'onopang'ono, ndipo kusinthasintha zala kumagwira maganizo kuti asayendeyende.

Ujjayi ndi kupuma pamphuno kummero kutapanikizidwa pang'ono, monga mmene munthu amachitira akafuna kuuzira nthunzi pagalasi, koma pakamwa pali potseka. Pamamveka kaphokoso kofewa ngati mphepo yakutali, ndipo kaphokosoko kamauza mwini wake ngati mpweya ukuyenda mosalala kapena ukudukaduka. Sitali ndi kukoka mpweya kudzera pa lilime lopindidwa ngati kapaipi, ndipo amene lilime lawo silipindika amakokera pakati pa mano, njira yotchedwa sitkari. Zonse ziwiri zimaziziritsa mkamwa ndi kummero.

Njira imene ndimaiona kuti ndi yoyenera pafupifupi aliyense ndi bhramari, dzina lochokera ku njuchi yaikulu yakuda yofanana ndi bemberezi. Munthu amakoka mpweya pamphuno, ndipo potulutsa amang'ung'udza milomo ili yotseka, mano osalumana, mpaka mpweya utatha mwaulemu. Ena amatseka makutu ndi zala kuti amve kunjenjemera kwa mawuwo m'mutu monse. Kung'ung'udza kumatalikitsa mpweya wotuluka popanda kuwerenga, ndipo mwana kapena nkhalamba angathe kuchita. Palinso china chimene chinadziwika posachedwapa. M'mphako za mafupa ozungulira mphuno mumapangidwa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umathandiza kutsegula mitsempha ya magazi komanso umalimbana ndi tizilombo tina. Mu 2002 Eddie Weitzberg ndi Jon Lundberg a ku Karolinska Institutet ku Sweden anapeza kuti munthu akamang'ung'udza, nitric oxide wa m'mphuno amachuluka kuwirikiza ka 15 poyerekeza ndi kutulutsa mpweya mwakachetechete, chifukwa kunjenjemera kwa mawu kumasakaniza mpweya wa m'mphakomo ndi wa m'mphuno. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene pafupifupi njira zonse za pranayama zimadutsira pamphuno, kuwonjezera pa zodziwika kale zakuti mphuno imasefa fumbi, imafunditsa mpweya ndi kuunyowetsa usanafike m'mapapo.

Kenako pali njira zamphamvu. Kapalabhati, kutanthauza chigaza chowala, ndi kutulutsa mpweya mwadzidzidzi pokoka mimba m'kati mobwerezabwereza, mpweya wolowa n'kumabwera wokha. Hatha Yoga Pradipika imaiika m'gulu la njira zoyeretsera thupi. Bhastrika, kutanthauza mvukuto, ndi kukoka ndi kutulutsa mwamphamvu mbali zonse ziwiri monga mvukuto wa wosula zitsulo. Njira zimenezi zimadzutsa thupi, zimathamangitsa mtima ndi kukweza magazi pa nthawi imene zikuchitika, ndipo ndi zomwe zimatulutsa carbon dioxide wambiri uja. Zimakopa anthu chifukwa zimamveka m'thupi nthawi yomweyo ndipo zimaoneka zochititsa chidwi pa mavidiyo, koma pafupifupi ngozi zonse za pranayama zili m'gulu limeneli limodzi ndi kugwira mpweya nthawi yaitali.

Kuyeza yoga ndi zipangizo kunayamba ku India komweko. Mu 1924 Swami Kuvalayananda anakhazikitsa malo otchedwa Kaivalyadhama ku Lonavla, m'chigawo cha Maharashtra, ndipo anayambitsa magazini ya Yoga Mimamsa yofalitsa zotsatira za kafukufuku wake. Patatha zaka 100, zimene zapezeka zingafotokozedwe mosabisa. Pa kupanikizika m'maganizo umboni ulipo: mu 2023 magazini ya Scientific Reports inafalitsa kuwunika kophatikiza makafukufuku 12 a anthu 785, ndipo kunapezeka kuti zochita za kapumidwe zimachepetsa kupanikizika pa mlingo wochepa kufika wapakatikati, ndipo nkhawa ndi kukhumudwa nazonso zinatsika mofananamo. Pa kuthamanga kwa magazi, kupuma pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumatsitsa manambala pang'ono, zomwe zimathandiza pambali pa mankhwala, kuchepetsa mchere ndi kuyenda. Pa mphumu, bungwe la Cochrane linawunika mu 2020 makafukufuku 22 a anthu pafupifupi 2,900, ndipo linapeza kuti maphunziro a kapumidwe angathandize odwala kukhala moyo wabwinoko ndi kuchepetsa zizindikiro za kupuma mopitirira muyezo. Kutupa kwa njira za mpweya kumene kumayambitsa mphumu kumafunabe mankhwala ake, ndipo munthu amene wabanika ayenera kufikira mankhwala opopera aja msangamsanga, pakuti mphumu imapha. Anthu a matenda okhalitsa a m'mapapo amaphunzitsidwa m'zipatala kutulutsa mpweya pang'onopang'ono milomo itasongoka ngati akuzimitsa kandulo mosafulumira, njira imene ili pachibale ndi zimene tafotokozazi. Ambiri amapezanso tulo msanga akapuma modekha kwa mphindi zingapo asanagone, zomwe zikugwirizana ndi ntchito ya mtsempha wa vagus uja.

Makafukufuku ambiri a nkhaniyi ndi a anthu ochepa ndiponso a milungu yochepa, ndipo n'kovuta kubisira munthu kuti ali m'gulu lochita kapumidwe, choncho chiyembekezo chake chimalowerera m'zotsatira. Pa chifukwa chimenechi ndimamva chisoni ndikamva wina akulonjeza odwala khansa, shuga kapena HIV kuti mpweya wokha uwachiritsa. Lonjezo lotere limachotsa anthu pa mankhwala amene akanawapulumutsa, ndipo limadetsa luso limene lili ndi phindu lake loona, laling'ono koma la tsiku lililonse, losafuna ndalama kapena chipangizo.

Amayi oyembekezera, anthu othamanga magazi kapena odwala mtima, a khunyu, amene ali ndi vuto la kupanikizika kwa madzi a m'diso lotchedwa glaucoma, amene ali ndi chophukacho cha pamimba, ndi amene angochitidwa kumene opaleshoni, onsewa apewe kapalabhati, bhastrika ndi kugwira mpweya nthawi yaitali pokhapokha dokotala atalola. Kupuma mofulumira kungathe kudzutsa khunyu mwa anthu ena, moti madokotala amakugwiritsa ntchito mwadala poyeza ubongo wa wodwala. Mabuku a yoga amatchula muyezo wa 1, 4 ndi 2, kutanthauza kuti ukakoka kwa masekondi anayi umagwira kwa masekondi 16 n'kutulutsa kwa masekondi 8, koma muyezo umenewu unali wa ophunzira amene akhala zaka pansi pa mphunzitsi, ndipo woyamba kumene akaukakamiza amangodzibanikitsa, mtima n'kuthamanga m'malo modekha. Chenjezo lalikulu koposa ndi la madzi. Munthu akapuma mwamphamvu kenako n'kumira, amakhala atachotsa carbon dioxide amene akanamuchenjeza kuti avuuke, choncho okosijeni amatha iye asakumva kubanika, amakomoka pansi pa madzi ndipo amamira mwakachetechete. Osambira aluso afa motere m'madzi osaya. Zochita zamphamvu za kapumidwe zisachitikire m'madzi, poyendetsa galimoto, kapena munthu ali chiimire pamalo oti angagwe. Palinso anthu ena, makamaka amene amagwidwa ndi mantha adzidzidzi kapena anadutsa m'zoopsa, amene kuyang'anitsitsa mpweya kumawawonjezera nkhawa. Oterewa ayambe maso ali otsegula, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mwina akuyenda pang'onopang'ono kapena akung'ung'udza, ndipo asadziimbe mlandu akaona kuti njira ina sikuwayanja.

Poyambira pabwino ndi posavuta. Munthu asankhe nthawi imene m'mimba simunadzaze, akhale pampando kapena pansi msana uli woongoka koma wosauma, dzanja limodzi pamimba, lina pachifuwa. Kwa mphindi yoyamba angoona mmene akupumira osasintha kanthu, n'kuzindikira dzanja limene likuyenda kwambiri. Kenako akoke pamphuno kwa masekondi anayi, dzanja la pamimba likukwera, ndipo atulutse kwa masekondi asanu ndi limodzi, zomwe zimapanga mpweya umodzi wa masekondi 10, maulendo 6 aja pa mphindi. Ngati masekondi amenewa akumubanikitsa, ayambe ndi atatu pokoka ndi anayi potulutsa, chifukwa muyezo woyenera ndi umene umalola kuti mpweya wotsatira ubwere popanda kuuwakha. Mapapo asadzazidwe mpaka kumapeto, pakuti kupuma pang'onopang'ono koma mokoka mpweya wochuluka kwambiri kumabweretsanso chizungulire chomwe chija. Mphindi zisanu tsiku lililonse zimapindula kuposa ola lathunthu kamodzi pa mlungu. Masiku oyamba maganizo amathawa pakangopita mpweya iwiri kapena itatu, ndipo munthu amangobwerera ku chiwerengero chake popanda kudzikalipira. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, mapewa amayamba kutsika okha pa mpweya wachiwiri, malovu amabwerera mkamwa, manja amafunda, ndipo apo m'pamene angawonjezere bhramari kapena nadi shodhana, imodzi pa nthawi, kwa maulendo asanu okha poyamba.